Akatumba Akamakokana: Tisisite Kapena Tipite ku Cipatala?

Pali ululu wina umene suti odi pofika. Umadza pakati pa usiku, munthu ali m'tulo tofa nato, kapena m'bandakuca pamene wangoti awongole miyendo asanadzuke. Mwadzidzidzi katumba wa mwendo amauma gwa ngati mwala, phazi limapindikira pansi, ndipo bambo wamkulu wa ndevu zake amafuula mpaka kudzutsa ana m'cipinda cina. Pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri zonse zatha. Cotsala ndi kaululu kamene kamamutsimphinitsa popita kumunda m'mawa mwake.

Ambiri a ife tinaziona zimenezi, ndipo tili nao mau ake: timati mitsempha yakokana. Timasisita, timapondaponda pansi, kenaka timaiwala. Kawirikawiri timakhoza potero, pakuti kukokana kwa apa ndi apo sikuvulaza munthu. Koma alipo ena m'mabanja mwathu amene vutoli lawamangira msasa: agogo amene atha miyezi osagona usiku wathunthu, amai apakati amene afika poopa mphasa, alimi ndi opalasa njinga amene akatumba ao amakhala okungika ngati cingwe ca uta tsiku lonse. Ndipo pakati pa iwowa muli ocepa amene mwendo ukuwauza za matenda ena akulu, otha kudulitsa phazi, ngakhale kupha kumene. Kwa amenewa kusisita si mankhwala, ndipo nthawi zina ndiko kumaonjeza ngozi.

Liu limodzi, zinthu zitatu

Cina cimene cimatisokoneza ndi cilankhulo cathu comwe. Liu lakuti mtsempha timalisenzetsa katundu wambiri. Cingwe colimba cija cimene cimamangirira mnofu ku fupa, cimene cimativuta kutafuna podya mwendo wa mbuzi, timati mtsempha. Timipaipi toyendamo magazi timatinso mitsempha. Tiulusi toyera timene timatenga uthenga kucokera ku ubongo ndi ku msana kupita ku ziwalo, natonso ndi mitsempha. M'katumba zitatu zonsezi zilimo, ndipo ciriconse cimadwala mwa njira yakeyake. Wodwala akauza dotolo kuti mitsempha ya mwendo ikupweteka, wanena zoona, koma dotoloyo sanadziwebe kanthu.

Katumba weniweniyo ndi minofu iwiri yosanjikizana. Wapamwamba, umene umaoneka bwino pa mwendo wa wosewera mpira, umayambira pamwamba pa bondo ca kumbuyo, ndipo madotolo amaucha gastrocnemius. Wapansi pake, wochedwa soleus, umayambira m'munsi mwa bondo. Yonse iwiri imathera m'cingwe cimodzi cimene cimakamangirira ku citendene, cingwe cokhuthala ndi colimba koposa zinzake zonse m'thupi la munthu. Nthawi iriyonse tikaponya phazi, minofu imeneyi ndiyo imanyamula citendene ndi kutikankhira kutsogolo. Ili ndi nchito inanso imene sitiiganizira: ikamafinyika poyenda, imakankha magazi a m'miyendo kuti akwere kubwerera ku mtima. Ndico cifukwa ena amati katumba ndi mtima waciwiri. Tisunge mfundo imeneyi, tidzaifuna kutsogoloku.

Mnofu sudzikoka wokha. Umamvera lamulo la tiulusi ta uthenga tija. Kukokana kumadza pamene tiulusito tayamba kulamula mnofu kuti ukoke mosalekeza, mwini thupi asanafune. Zimenezi zimacitika msanga mnofu ukakhala wotopa, ndiponso ukakhala wofupika kale. Taonani mmene timagonera. Tikagona cagada ndi gombeza lolemera pamwamba, kapena cafufumimba, phazi limaloza pansi ndipo katumba amakhala wofupika kwa maola ambiri. Munthu akangodziwongola ali m'tulo, waziputa.

Nkhani ya mcere

Kwa zaka zambiri madotolo anali kuphunzitsa kuti gwero la kukokana ndi kutaya madzi ndi mcere m'thukuta. Anali ndi cifukwa cake. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 anaona kuti anthu ogwira nchito m'migodi yotentha ya ku Britain, osonkha moto m'sitima za pamadzi, ndi amene anali kumanga damu la Hoover ku America, anali kugwa ndi kukokana koopsa, ndipo kuthira kamcere m'madzi ao akumwa kunacepetsa vutolo. Koma mu 1997 Martin Schwellnus ndi anzake a ku Cape Town anabwera ndi ganizo lina, lakuti kwa othamanga ambiri colakwa ndi kutopa kwa mnofu ndi kwa tiulusi touyendetsa. Atayeza magazi a othamanga mitunda yaitali, anapeza kuti mcere wa amene anakokana sunasiyane kwenikweni ndi wa anzao amene sanakokane. Panalinso funso lovuta kuyankha: ngati thupi lonse lasowa mcere, bwanji ukukokana ndi mnofu wokhawo umene ukugwira nchito, ndipo bwanji umamasuka munthu akangoutambasula, asanamwe kanthu?

Ife tiona kuti mbali zonse ziwiri zili ndi coona cake. Munthu amene wagalauza munda mu Okutobala ku cigwa ca Luangwa, kumene kutentha kumafika madigiri 40, kapena amene wapalasa njinga ya matumba a malasha kukwera zitunda polowa mu Chipata, wataya thukuta lambiri komanso watopetsa mnofu. Zonse ziwiri zamugwira pamodzi. Ameneyu azimwa madzi pafupipafupi, kaya thobwa kaya maheu, adye nsima ndi ndiwo zothira mcere monga mwa masiku onse, ndipo apumeko dzuwa likafika paliwombo. Koma agogo amene akokana pa mphasa mu Juni, osatuluka thukuta ndi dontho lomwe, vuto lao si mcere. Kuwauza kuti azinyambita mcere, monga ena amalangizira, ndiko kuwakwezera BP cabe. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiko kuti kasupuni ka tiyi kosadzaza, ndipo ambiri a ife timapitirira kale muyeso umenewo.

Pali nthawi imodzi pamene nkhani ya madzi ndi mcere ilibe mtsutso, ndiyo pamene munthu akutsegula m'mimba ndi kusanza. Amene anasamala odwala kolera mu Lusaka m'dzinja la 2017 kulowa 2018, kapena kuciyambi kwa 2024 pamene bwalo la National Heroes linasandutsidwa malo ocizirako odwala, adziwa kuti kukokana kwa miyendo ndi cimodzi ca zizindikiro zake. Pamenepo palibe za kusisita. Wodwala ayambe kumwa ORS nthawi yomweyo. Paketi ikasowa, tisungunule tisupuni 6 ta tiyi ta shuga, tosalazidwa pamwamba, ndi theka la kasupuni ka mcere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, ndipo azimwa ali pa ulendo wa ku cipatala.

Amene sagona usiku

Kukokana kwa usiku kumakonda anthu amene apyola zaka 50, pakuti ndi ukalamba minofu imaphwa ndipo zingwe zake zimafupika. Kumakondanso amene amakhala pampando tsiku lonse, ndi amene amaima tsiku lonse pa simenti, monga aphunzitsi, alonda ndi ogulitsa m'sitolo. Nsapato zazitali citendene zimazolowetsa katumba kukhala wofupika, kotero kuti mai akazivula n'kuponda pansi amamva kukoka. Amai apakati ambiri amavutika m'miyezi itatu yomaliza, ndipo kwa ambiri vutolo limatha lokha akabereka. Mowa nawo sitingaubise. Wokonda kacasu amaononga tiulusi ta uthenga ta m'miyendo, ndipo kawirikawiri amakhala kuti sadya mokwanira.

Mankhwala ena a ku cipatala amaputa vutoli. Odziwika kwambiri ndi okodzetsa, amene amapatsidwa kwa odwala BP ndi mtima, monga furosemide ndi hydrochlorothiazide. Salbutamol wa odwala mphumu ndi ma statin ocepetsa mafuta m'magazi amachulidwanso. Ticenjezane pano: munthu asaleke yekha mankhwala a BP cifukwa ca katumba, pakuti sitiroko ndi yoopsa kuposa kukokana. Abwerere kumene anawalandira nakafotokoze. Mwina adzamuyeza magazi, mwina adzamusinthira mtundu kapena nthawi yomwera. Matenda a impso, a ciwindi ndi a cithokomiro amakokanitsanso minofu, ndipo amadziwika ndi kuyeza magazi komweko.

Komabe anthu oculuka okokana usiku sawapeza ndi nthenda iriyonse. Kwa iwowa mankhwala oyamba ali m'manja mwao.

Kukokana kukayamba, wongolani bondo ndi kukokera zala za phazi ca ku msongolo, ndiko kuti ca kumaso kwanu, ndi dzanja kapena ndi citenje cokoleka kuphazi. Poyamba zimawawa, koma gwiritsitsani mpaka mnofu utalekerera. Wokhoza kuimirira aimirire naponde citendene pansi mwamphamvu. Pambuyo pake kusisita pang'ono ndi kuthowa ndi madzi ofunda kumacotsa kaululu kotsalira.

Kupewa ndiko kumafuna khama. Madzulo alionse musanagone, imani moyang'ana cipupa ndi kuika manja pa cipupapo. Bwezani mwendo umodzi kumbuyo, bondo lili lowongoka, citendene cili pansi, zala zikuloza ku cipupa. Tsamirani kutsogolo pang'onopang'ono mpaka mumve katumba akukoka, koma osafika popweteka, ndipo werengani mosathamanga mpaka 30. Citani katatu mwendo uliwonse. Kenaka bwerezani bondo la kumbuyolo lili lopindika pang'ono. Mbali yaciwiriyi ambiri amaidumpha, koma ndiyo imafika pa mnofu wapansi uja umene sudutsa bondo, ndipo kawirikawiri ndi umenewo umakhala wokungika mwa anthu oyenda ndi oima kwambiri. Agogo ocita cizungulire akhale pa mphasa, miyendo yowongoka, nakoke phazi ndi citenje, mdzukulu ali pambali.

Kodi zimathandizadi? Mu 2012 ofufuza a ku Netherlands anayesa anthu 80 opyola zaka 55, ndipo amene anatambasula akatumba ndi minofu ya kumbuyo kwa nchafu usiku uliwonse kwa masabata 6 anakokana mocepa ndi mosawawa kwambiri poyerekeza ndi anzao. Kafukufuku wina wa ku England wa mu 2005 sanaone phindu lotere. Motero sitilonjeza kuti aliyense adzacira. Koma njirayi siilira ngwee, siivulaza, ndipo masabata 6 si ambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tionjezepo kuti katumba womangika nthawi zonse kawirikawiri amakhalanso wofooka. Kudzikweza pa zala za kumapazi mutagwira mpando, ndi kutsika pang'onopang'ono, kakhumi kapena kupitirirapo, kumamulimbitsa. Ndipo gombeza lisapanikize mapazi. Limasuleni ca kumiyendo.

M'masitolo a mankhwala a m'tauni mwadzaza mabotolo a magnesium, ndipo mtengo wake si wamasewera. Mu 2020 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusanthula zofufuza za mankhwala, linapeza kuti magnesium sacita kanthu kooneka pa kukokana kwa anthu acikulire, ndipo kwa amai apakati zotuluka zake zinali zotsutsana. Ndalama imeneyo ingagule nshawa, kayera, kapenta, nthoci ndi kandolo, kuonjeza pa cibwabwa ndi bonongwe wa kudimba, zimene zili ndi magnesium, potassium ndi calcium wokwanira munthu wabwinobwino. Mai wapakati amwe zokhazo zimene wapatsidwa ku sikelo.

Tinenepo mosabisa za kwinini, popeza kwathu kuno ndi mankhwala odziwika cifukwa ca malungo, ndipo alipo amene anamva kuti amaletsa kukokana. Amacepetsako ndithu, koma mtengo wake ndi waukulu. Kupatula kulira m'makutu kumene tonse tikudziwa, kwinini angathe kusokoneza kagundidwe ka mtima, ndiponso mwa anthu ena amagwetsa mwadzidzidzi tizigawo ta magazi toletsa kukha, munthu n'kuyamba kutuluka magazi m'kamwa ndi m'mphuno. Ku America bungwe loyang'anira mankhwala la FDA linaletsa mu 1994 kugulitsa kwinini wa kukokana popanda kalata ya dotolo, ndipo mu 2010 linacenjezanso. Ku Britain madotolo amamupereka pokhapokha zina zonse zitalephera, wodwala ali kuyang'aniridwa. Kumeza mapilisi otsala a malungo cifukwa ca katumba ndiko kuocha nkhokwe pofuna kupha khoswe.

Mwendo umene umakana mtunda

Tsopano tisiye mnofu, tione mitsempha ya magazi. Pali bambo amene kale anali kuyenda ulendo wa ku chalichi osapuma, koma tsopano amaima katatu panjira, namanamizira kuyang'ana cimanga ca eni. Akayenda mtunda wakutiwakuti katumba amamugwira ngati wapanidwa ndi mbano. Akangoima mphindi zocepa, osakhala pansi n'komwe, ululu umatha. Akayambanso, pa mtunda wonga womwewo ululu wabwerera. Pokwera citunda umabwera msanga.

Uku si kukokana wamba. Mitsempha yotengera magazi ku mwendo yacepa mkati cifukwa ca mafuta omatirira m'mbali mwake, monga paipi ya madzi imene yacita dzimbiri. Munthu akakhala, magazi ocepawo amakwanira. Akayenda, mnofu umafuna ambiri ndipo suwapeza. Oyamba kugwidwa ndi osuta fodya, kaya wa m'paketi kaya wopicira yekha, ndi odwala shuga, kenaka a BP ndi okalamba. Phazi limakhala lozizira kuposa linzake, ubweya wa pamsongolo umathothoka, khungu limanyezimira, ndipo kabala kakang'ono ka pacala kamatha miyezi osapola. Nthendayi ikakula, phazi limapweteka ngakhale usiku pogona, ndipo wodwala amapeza mpumulo polendewetsa mwendo m'mphepete mwa bedi. Ambiri amayesa kumeneku ndi kukokana kwa usiku, pamene ndi cizindikiro cakuti phazi lili pangozi.

Cimene cimatidetsa nkhawa n'cakuti dzimbiri lomwelo limakhalanso m'mitsempha ya mtima ndi ya ubongo. Katumba wangokhala woyamba kulankhula. Mankhwala akulu ndi kuleka fodya kotheratu, ndi kusamala shuga ndi BP. Dotolo angaonjeze aspirin kapena mnzake, ndi statin. Codabwitsa n'cakuti kuyenda komweko ndi mankhwala. Wodwala amalangizidwa kuyenda mpaka ululu utamugwira ndithu, kupuma, ndi kuyambanso, kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, katatu pa sabata, kwa miyezi yosacepera itatu, ndipo ambiri amaona mtunda wao ukutalika. Koma phazi likazizira mwadzidzidzi, n'kuyera kapena kuda, n'kucita dzanzi ndi ululu waukulu, mtsempha watsekeka, ndipo maola ocepa okha ndiwo atsala kuti lipulumuke.

Pali nthenda ina yofanana nayo imene imacokera ku msana, pamene mafupa okalamba apana tiulusi ta uthenga topita ku miyendo. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu kuima sikumuthandiza. Afunika kukhala pansi kapena kuwerama, ndipo mudzamuona akupalasa njinga mtunda wautali popanda vuto pamene kuyenda pansi kumamukanika. Tiulusi tomweto timaonongekanso kumapazi cifukwa ca shuga, mowa, kacirombo ka HIV, ndi mankhwala a TB ochedwa isoniazid, ndico cifukwa amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6. Stavudine, amene anali m'ma ARV akale ndipo analekedwa, anasiya ambiri ndi vuto lotere. Cizindikiro cake ndi dzanzi, kuyaka moto ndi kulasalasa m'mapazi onse awiri, kuphatikizapo kukokana. Munthu wotere asathowe ndi madzi otentha kapena kuyandikiza mapazi pa mbaula, pakuti angapse osamva.

Mwendo umodzi wotupa

Apa ndipo tifuna owerenga athu achere khutu. Tanena kuti katumba ndiye amakankha magazi kubwerera ku mtima. Munthu akakhala nthawi yaitali osagwedeza miyendo, magazi amadekha m'mitsempha ya mkati mwa katumba, ndipo angathe kuundana. Madotolo amati DVT. Poyamba amamveka ngati kukokana kumene kwakana kumasuka. Koma kukokana wamba kumatha m'mphindi zocepa, pamene uku kumakhala tsiku lonse ndi mawa lomwe. Mwendo umodzi wokha umatupa, umalemera, umatentha ukaukhudza, ndipo khungu lingasinthe mtundu. Mukayeza ndi kacingwe miyendo yonse iwiri pamalo ofanana, masentimita 10 m'munsi mwa bondo, n'kupeza kuti wina wakula ndi masentimita oposa 3, cimeneco ndi cimodzi ca zimene madotolo amayang'ana. Koma kusapeza kusiyana kotere sikutanthauza kuti zonse zili bwino.

Ngozi yake ili apa. Kacidutswa ka magazi oundanawo kangabenthuke, n'kuyenda ndi magazi kudzera mu mtima, n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Munthu amayamba kubanika, kumva kulasa m'cifuwa, mwina kutsokomola magazi, ndipo ena amagwa n'kufa pomwepo. Pamaliro timangomva kuti anangodandaula mwendo masiku awiri. Tsono taganizani cimene timacita mwacikondi mbale wathu akadandaula katumba: timatenga mafuta, timakhala pansi, n'kuyamba kutikita ndi mphamvu zonse. Mwendo umodzi wotupa ndi wotentha sautikita. Wodwalayo apite ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati wayamba kubanika, ola lomwelo.

Amene ali pangozi koposa ndi amai apakati, makamaka pa mwendo wa kumanzere, ndi amene angobereka kumene kufikira masabata 6, koposa ngati anacitidwa opaleshoni. Mai ali m'cikuta apume ndithu, koma asagone tsiku lonse. Aziyendayenda m'nyumba ndi pakhonde. Enanso ndi amene athyoka mwendo, ogona pa mphasa nthawi yaitali, odwala khansa, TB kapena HIV, onenepa kwambiri, ndi akumwa mankhwala okhala ndi estrogen. Amai ndi abambo a m'miphakati amene amayendera odwala m'makomo angapulumutse moyo pongovundukula gombeza ndi kuyerekeza miyendo iwiri.

Maulendo nawo alimo. Ngozi imayamba kukwera munthu akakhala maola oposa 4 osatambasula miyendo, ndipo basi ya ku Lusaka kupita ku Chipata, mtunda wopitirira makilomita 550, imatenga nthawi yoposa pamenepo, osanena za amalonda opita ku Nakonde kapena ku Johannesburg atapanikizika ndi katundu kumapazi. Basi ikaima pa Luangwa, tsikani muyendeko, ngakhale simufuna kugula nsomba. Muli pampando, kwezani ndi kutsitsa zitendene kawirikawiri. Ndipo tisadzimane madzi poopa kuvutitsa dalaivala.

Nthendayi imaciritsika ikapezeka msanga. Pa zipatala zazikulu monga UTH, Chipata Central ndi St Francis ku Katete amaunika mwendo ndi makina a ultrasound, onga aja oonera mwana m'mimba. Mankhwala ake ndi oletsa magazi kuundana, monga jekeseni wa heparin ndi mapilisi a warfarin kapena rivaroxaban, ndipo amamwedwa kwa miyezi yosacepera itatu. Wakumwa warfarin amayezedwa magazi kawirikawiri, ndipo mai wapakati sapatsidwa warfarin koma jekeseni.

Anyamata a mpira ali ndi vuto laolao. Wina akamathamanga n'kumva ngati wagendedwa mwala kumbuyo kwa mwendo, natembenuka osaona womugenda, mnofu wang'ambika kapena cingwe ca ku citendene caduka. Ameneyu asautambasule mwendowo. Apume, auike pamwamba, authowe ndi nsalu ya madzi ozizira, ndipo ngati sakhoza kuima pa zala za phazilo akaonedwe msanga.

Za mphini

Ululu wobwera usiku popanda cifukwa cooneka umabala maganizo. Timamva ena akuti anaponda mankhwala panjira, ena akuti afiti amawalimitsa usiku. Zotsatira zake ndi ziwiri: mnansi wosalakwa amalozedwa cala, ndipo mwendo umatemedwa mphini. Lezala limodzi lingapatsire HIV ndi nthenda ya ciwindi ya hepatitis B, ndipo phulusa ndi zitsamba zothira pa bala zingalowetse kafumbata. Koma coopsa koposa cili kwa uja wa shuga ndi uja wa mitsempha yocepa. Mwendo wopanda magazi okwanira supoletsa bala, ndipo mphini zimene zikadauma m'masiku atatu pa mwendo wabwino zimasanduka cironda cimene cimathera kwa dotolo wa opaleshoni. Wakumwa warfarin akatemedwa, magazi amavuta kuleka.

Nanga wokokana wamba apite liti ku kiliniki? Apite ngati kukokana kumamudzutsa kangapo pa sabata ngakhale wayesa kutambasula kwa masabata 6, ngati kumakhala kupitirira mphindi 10, ngati mwendo wayamba kuonda kapena kufooka, kapena ngati kunayamba atangoyamba mankhwala atsopano. Popita atenge mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, a zitsamba omwe. Afotokoze nthawi imene ululu umabwera, kaya pogona, kaya poyenda, kaya tsiku lonse, ngati uli mwendo umodzi kapena yonse iwiri, ndi cimene cimauletsa. Apemphe kuyezedwa shuga ndi BP. Ndipo ngakhale mzere ukhale wautali kunja, avule nsapato ndi masokosi, kuti namwino kapena dotolo aone khungu ndi zala, nagwire pamwamba pa phazi ndi kumbuyo kwa kakolo wa mkati, pamene mtsempha wa magazi umamveka kugunda.